Opaleshoni yochotsa anabere ochepa: mwayi wa amayi amene khansa ya khomo la chiberekero yawapezeka msanga

Aliyense wokhala m'boma la Mwanza amadziwa mmene chipata cha malire chimagwirira ntchito. Galimoto yochokera ku Tete ikadutsa pa Zóbuè, imayenera kuima pachipata cha Mwanza isanapitirire ulendo wake wa ku Blantyre. Akuluakulu akafuna kudziwa ngati katundu woletsedwa walowa kudzera mumsewu umenewu, sayamba ndi kufufuza m'nyumba zonse za mumzinda. Amayamba afunsa pachipata, chifukwa ndi pamene katunduyo amayenera kudutsa poyamba.

Madokotala a khansa akugwiritsa ntchito nzeru yofanana ndi imeneyi pochita opaleshoni ya khansa ya khomo la chiberekero imene yangoyamba kumene. Kwa zaka zambiri, mayi wochitidwa opaleshoniyi ankachotsedwa chiberekero pamodzi ndi anabere onse a m'chiuno. Tsopano kafukufuku waonetsa kuti kwa amayi ambiri amene matendawa awapezeka msanga, n'zokwanira kuchotsa ndi kuyeza anabere ochepa okha, amene ali ngati chipata choyamba. Mayi amachira ku khansa mofanana ndi kale, koma amapewa mavuto ena amene ankamutsatira moyo wake wonse. Njirayi imatheka pokhapokha khansa ikapezeka isanakule, ndipo ichi ndicho chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza wodi iliyonse ya boma lino.

Kukula kwa vutoli m'Malawi

Khansa ya khomo la chiberekero ndi imene imapha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse. Malinga ndi chiwerengero cha nthambi yoona za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'chaka cha 2020 amayi 4,145 anapezeka ndi matendawa m'dziko muno, ndipo 2,905 anamwalira nawo. Izi zikutanthauza kuti tsiku lililonse amayi pafupifupi 8 ankataya moyo. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene vutoli ndi lalikulu kwambiri padziko lonse.

Gwero la matendawa ndi kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana. Anthu ambiri amakatenga nthawi ina m'moyo wawo, ndipo kawirikawiri thupi limakagonjetsa lokha. Koma mwa amayi ena kachilomboka kamakhalitsa, n'kuyamba kusintha khungu la pakhomo la chiberekero pang'onopang'ono. Pamatenga zaka 10 mpaka 20 kuti kusinthaku kusanduke khansa, ndipo nthawi imeneyi imafupika mwa amayi amene chitetezo chawo cha m'thupi chatsika. Bungwe la WHO likunena kuti mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chowirikiza ka 6 poyerekeza ndi amene alibe.

M'zaka zonsezi mayi samva kupweteka kulikonse. Amalima, amatunga madzi, amagulitsa manachesi pamsika ngati kale. Akale anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo amayi ambiri m'dziko muno amafika kuchipatala khansa itakula kale, pamene opaleshoni siingathandizenso.

Kodi anabere ndi chiyani?

Munthu akapweteka chala cha kuphazi n'kuchita bala, nthawi zina pamphechepeche pamatupa kachotupa kowawa kamene anthu amati mwanabere. Ambiri amaganiza kuti mwanabereyo wabwera chifukwa cha balalo. Zoona zake n'zakuti iye amakhalapo nthawi zonse, kungoti ndi wamng'ono ngati kanyemba ndipo samveka. Amatupa pamene akulimbana ndi tizilombo tochokera pabalapo.

Thupi la munthu lili ndi anabere mazana angapo: m'khosi, m'khwapa, pamphechepeche, m'chifuwa, m'mimba ndi m'kati mwa chiuno. Iwo amalumikizana ndi timitsempha ting'onoting'ono timene sitinyamula magazi, koma madzi otsalira m'minofu. Madziwa amayenda kuchokera kumapazi kukwera m'mwamba, kudutsa mwa anabere amene amawasefa, mpaka kukabwerera m'magazi. Motero anabere ali ndi ntchito ziwiri: kusefa tizilombo ndi kuthandiza kuti madzi asadikhe m'miyendo ndi m'manja.

Khansa ya khomo la chiberekero ikayamba kufalikira, kawirikawiri imatsata njira yomweyi ya madzi, ndipo malo oyamba amene imafikako ndi anabere a m'kati mwa chiuno. N'chifukwa chake dokotala amafunitsitsa kudziwa ngati anaberewa agwidwa kapena ayi. Yankho lake ndi limene limasonyeza ngati opaleshoni yokha ikwanira, kapena ngati mayi akufunika kuwotchedwa ndi makina a radiotherapy pamodzi ndi kulandira mankhwala a khansa. Kukula kwa mwanabere pachithunzi cha makina sikupereka yankho lodalirika. Mwanabere akhoza kutupa chifukwa cha HIV, chifuwa chachikulu kapena matenda ena, komanso akhoza kuoneka wabwinobwino ali ndi khansa m'kati. Njira yotsimikizika ndi kumuchotsa n'kumuyeza pa maikulosikopu.

Opaleshoni yakale ndi mavuto ake

Opaleshoni yaikulu ya khansa imeneyi inayamba kalekale. Dokotala wa ku Vienna, Ernst Wertheim, anaichita koyamba mu 1898, ndipo m'zaka zotsatira madokotala anakhazikitsa mwambo wochotsa chiberekero, minofu yochizungulira ndi anabere onse a mbali zonse ziwiri za chiuno. Pa opaleshoni yotere pamachotsedwa anabere okwana 20 kapena kuposerapo. Njirayi yapulumutsa amayi osawerengeka, ndipo mpaka lero ndi yoyenera kwa odwala ambiri.

Komabe ili ndi mavuto ake. Anabere onse akachotsedwa, njira ya madzi ochokera kumiyendo imadulidwa. Mwa amayi ena madziwo amapeza njira zina, koma mwa ena amadikha, ndipo mwendo umodzi kapena yonse iwiri imayamba kutupa. Kutupaku kukhoza kuyamba patapita miyezi kapena zaka, ndipo kukakhazikika sikutheratu. Mwendo umalemera, khungu limauma n'kukhakhala, ndipo kabala kakang'ono kamasanduka chilonda chovuta kupola. Ena madzi amaunjikana m'kati mwa chiuno n'kupanga thumba lopweteka. Enanso amamva dzanzi kapena kupweteka m'ntchafu chifukwa cha mitsempha imene inakhudzidwa. Opaleshoniyo imatenganso nthawi yaitali ndipo magazi amatayika ambiri.

Kwa mayi wa ku Thambani kapena ku Kunenekude, amene moyo wake umadalira khasu, mtolo wa nkhuni ndi ulendo wapansi m'mapiri, mwendo wotupa ndi chilema chenicheni. Khansa imakhala itachoka, koma ntchito imene ankadyetsa nayo ana siithekanso monga kale.

Chimene chinavutitsa maganizo a madokotala n'chakuti mwa amayi 10 aliwonse amene khansa yawo yangoyamba kumene, amene amapezeka ndi khansa mwa anabere sapitirira awiri. Otsalawo ankachotsedwa anabere abwinobwino, n'kukhala pachiopsezo cha kutupa miyendo popanda phindu lililonse.

Njira yatsopano: kuyeza mwanabere wa pachipata

Madzi ochokera pakhomo la chiberekero salowa mwa anabere onse nthawi imodzi. Amayamba adutsa mwa mwanabere mmodzi kapena awiri kumbali iliyonse ya chiuno, kenako n'kupitirira kwa enawo. Oyambawa ndiwo madokotala amawatcha sentinel, kutanthauza mlonda. Ngati khansa yayamba ulendo, iyenera kuti yasiya chizindikiro mwa iwo. Akapezeka opanda khansa, mwayi woti ena akutsogolo agwidwa umakhala wochepa kwambiri.

Nzeruyi si yachilendo pa zachipatala. Dokotala Ramon Cabanas anaifotokoza mu 1977 pa khansa ya chida cha abambo, Donald Morton anaikhazikitsa mu 1992 pa khansa ya pakhungu, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 yakhala ikugwiritsidwa ntchito pa khansa ya m'mawere.

Pa khansa ya khomo la chiberekero zimachitika motere. Mayi akagonetsedwa ndi mankhwala, dokotala amabaya utoto wapadera pakhomo la chiberekero. M'mphindi zochepa utotowo umatsata timitsempha ta madzi tija mpaka kukafika mwa mwanabere woyamba, amene amasintha mtundu. Dokotala amafufuza mbali ya kumanja ndi ya kumanzere, n'kuchotsa okhawo amene atenga utoto, omwe kawirikawiri amakhala awiri, atatu kapena anayi. Enawo amawasiya kuti apitirize ntchito yawo.

Utoto ulipo wamitundu ingapo. Wabuluu ndi wotsika mtengo ndipo umaoneka ndi maso. Wobiriwira, wotchedwa indocyanine green, umapeza anabere bwino kwambiri koma umafuna kamera yapadera. Palinso mankhwala ena amene amafufuzidwa ndi kachipangizo komva cheza. Mayi amene wabayidwa utoto wabuluu akhoza kuona mkodzo wake utasintha mtundu kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo izi siziopsa.

Anabere ochotsedwawo amapita kwa katswiri woyeza tizidutswa ta thupi. Popeza ndi ochepa, katswiriyo amakhala ndi mpata wowadula m'tizigawo topyapyala tambirimbiri n'kuunika kalikonse mosamala, zimene sizitheka akalandira anabere 20 kapena 30. Mwa njira imeneyi amatha kupeza timbewu ta khansa tating'ono kwambiri timene tikanaphonyeka pa kuyeza kwa nthawi zonse.

Anthu a kumalire amadziwanso kuti pali njira zozembera chipata, ndipo madokotala nawo amakumbukira zimenezi. Utoto ukalephera kuonetsa mwanabere kumbali ina ya chiuno, dokotala amachotsa anabere onse a mbali imeneyo. Mwanabere aliyense wooneka wokayikitsa amachotsedwa ngakhale asanatenge utoto. Khansa ikapezeka mwa mwanabere wa pachipata, ndondomeko ya chithandizo imasintha, ndipo kawirikawiri mayi amatumizidwa ku radiotherapy ndi mankhwala a khansa.

Zimene kafukufuku wapeza

Funso lalikulu linali lakuti: kodi kusiya anabere enawo sikungapatse khansa mpata wobwerera?

Kafukufuku wa ku France wotchedwa SENTICOL II, amene anakhudza amayi 206 ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2021, anapeza kuti mavuto a njira ya madzi anagwera amayi pafupifupi 31 mwa 100 aliwonse amene anachotsedwa anabere ochepa, poyerekeza ndi oposa 51 mwa 100 amene anachotsedwa onse.

Umboni waukulu unabwera mu Okutobala 2025, pamene magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza zotsatira za kafukufuku wa ku China wotchedwa PHENIX. Amayi 838 amene anabere awo a pachipata anapezeka opanda khansa anagawidwa mwamaere m'magulu awiri. Gulu lina linachotsedwa anabere onse a m'chiuno, lina ayi. Patatha zaka 3, amayi 96.9 peresenti a gulu losachotsedwa anabere onse anali moyo ndipo khansa inali isanabwerere, poyerekeza ndi 94.6 peresenti a gulu linalo. Kutupa miyendo kunagwera 5.2 peresenti okha poyerekeza ndi 19.1 peresenti, ndipo thumba la madzi m'chiuno linapezeka mwa 8.3 peresenti poyerekeza ndi 22 peresenti. Mwachidule, mwa amayi 100 aliwonse, pafupifupi 14 anapewa kutupa miyendo popanda kuchepetsa mwayi wawo wochira.

Ndi ayani angathandizidwe ndi njirayi?

Njirayi ndi ya amayi okhawo amene khansa yawo idakali pakhomo la chiberekero, chotupa chili chaching'ono, ndipo zithunzi za makina sizikuonetsa kuti yafalikira. Chotupa chikakula kupitirira masentimita 4, kapena chikafika m'minofu yozungulira, timitsempha ta madzi timatsekeka, utoto suyenda bwino, ndipo zotsatira zake sizingadaliridwe. Pamenepo ngakhale opaleshoni yeniyeniyo kawirikawiri siikhalanso chithandizo choyamba.

Njirayi imafunanso zinthu zitatu pachipatala: dokotala amene anaphunzira ndi kuzolowera kupeza anabere a pachipata, utoto woyenera, ndi katswiri woyeza tizidutswa ta thupi amene ali ndi zipangizo komanso nthawi yokwanira. Kafukufuku amene watchulidwa pamwambapa anachitikira m'zipatala zikuluzikulu zokhala ndi zonsezi. Pamene chimodzi mwa izi chikusowa, kuchotsa anabere onse ndiyo njira yotetezeka, ndipo mayi amene wachitidwa opaleshoni yotere sanalakwiridwe. Chisankho chimapangidwa ndi madokotala a khansa atamuyeza wodwala aliyense payekha.

Mpofunikanso kusiyanitsa kuchepetsa anabere ochotsedwa ndi kuchepetsa bala la pamimba. Kafukufuku wina wotchedwa LACC anaonetsa mu 2018 kuti kuchotsa chiberekero chokhala ndi khansa kudzera m'timabowo ting'onoting'ono kunapangitsa kuti khansa ibwerere mwa amayi ambiri kusiyana ndi kutsegula pamimba. Choncho mayi akhoza kukhala ndi chipsera chachikulu pamimba, komabe anabere ake ambiri atasungidwa.

Ulendo wa mayi wa ku Mwanza

Opaleshoni ya khansa imachitikira kuzipatala zazikulu. Kwa anthu a boma lino, chipatala chotere ndi cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, pamtunda wa makilomita pafupifupi 100. Mu 2018, bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo polimbana ndi khansa imeneyi m'boma la Blantyre, ndipo chakumapeto kwa 2019 linayamba kuchita maopaleshoni ake pachipatalachi. Kwa zaka zambiri odwala ofunika radiotherapy ankatumizidwa kunja kwa dziko, koma tsopano chithandizochi chikupezeka m'dziko momwe muno, kuphatikizapo pachipatala cha boma cha khansa ku Lilongwe.

Koma ulendo wonsewu umayambira pafupi. Umayamba tsiku limene mayi wazaka za pakati pa 25 ndi 49, amene sakumva kupweteka kulikonse, wapita kukayezetsa khomo la chiberekero. Kuyezaku n'kwaulere m'zipatala za boma ndipo kumatenga mphindi zochepa. Namwino amapaka vinega pakhomo la chiberekero n'kuona ngati pali malo amene ayera. Malo otere akapezeka asanasanduke khansa, amawotchedwa ndi kachipangizo kakang'ono, nthawi zambiri tsiku lomwelo, ndipo mayi amabwerera kwawo chiberekero chake chili chilili. Amayi ambiri otere sadzafunikanso opaleshoni iliyonse. Amene akufuna kudziwa masiku ndi malo oyezera angafunse pachipatala chachikulu cha boma la Mwanza, pazipatala za Thambani, Kunenekude ndi Tulonkhondo, kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lawo.

Namwino akakayikira khansa, amachotsa kachidutswa kakang'ono kuti kakayezedwe, kapena amamutumiza mayiyo kuchipatala chachikulu. Apa ndi pamene amayi ambiri amatayika. Ena amasowa ndalama yoyendera, ena amaopa, ena amayamba ayesa kaye mankhwala a zitsamba, enanso amadikira kuti amalize kukolola. Miyezi ingapo yochedwa ndi yokwanira kuti chotupa chimene chikanachotsedwa ndi opaleshoni yopepuka chikule kupitirira msinkhu umenewo.

Zizindikiro zimene siziyenera kudikira tsiku loyezetsa ndi izi: kutaya magazi pogonana kapena pambuyo pake, kutaya magazi pakati pa nthawi za msambo, kutaya magazi mayi atasiya kale kusamba, chikazi chonunkha chosatha, ndi kupweteka kwa m'chiuno kapena msana kosaleka. Mayi woona chimodzi mwa izi apite kuchipatala msanga, ngakhale atapitirira zaka 49.

Mayi amene wauzidwa kuti akufunika opaleshoni ali ndi ufulu wofunsa dokotala wake kuti khansayo yafika pati, kuti achotsedwa chiyani, kuti anabere achotsedwa onse kapena ochepa ndi chifukwa chake, komanso kuti ayembekezere zotani akachira. Amene akufunabe kubereka anene zimenezi poyambirira, chifukwa pa khansa yaing'ono kwambiri pali maopaleshoni ena amene amasunga chiberekero.

Kwa amene anachitidwa kale opaleshoni

Amayi amene anachotsedwa kale anabere onse asataye mtima, pakuti si onse amene amatupa miyendo, ndipo kutupa kukadziwika msanga kumachepetsedwa. Azisambitsa miyendo ndi sopo tsiku lililonse n'kuipukuta bwino, makamaka pakati pa zala. Azidzola mafuta kuti khungu lisang'ambike, azivala nsapato popita kumunda, aziika miyendo pamalo okwera akamapuma, ndipo apitirize kuyenda ndi kugwira ntchito zopepuka. Mwendo ukafiira, ukatentha, kapena thupi likatentha, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Masiku obwerera kuchipatala asawaphonye, kaya anachotsedwa anabere onse kapena ochepa.

Udindo wa madera

Pa 17 Novembala 2020, bungwe la WHO linakhazikitsa ndondomeko yothetsa khansa imeneyi padziko lonse. Cholinga chake n'chakuti pofika 2030, atsikana 90 mwa 100 aliwonse akhale atalandira katemera wa HPV asanakwanitse zaka 15, amayi 70 mwa 100 akhale atayezedwa, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto akhale atalandira chithandizo. Dziko la Malawi linayamba kupereka katemerayu m'maboma onse mu Januwale 2019, litamuyesa kaye ku Rumphi ndi ku Zomba. Katemerayu sateteza amayi amene anatenga kale kachilomboka, choncho kuyezetsa kukhalabe kofunika kwa zaka zambiri zikubwerazi.

Boma la Mwanza linali ndi anthu 130,949 pa kalembera wa 2018, ndipo kukwaniritsa zolinga zimenezi kudalira zimene zikuchitika m'midzi ya mafumu aakulu Kanduku, Nthache ndi Govati. Makhansala, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ndi m'madera angathe kuika nkhani ya kuyezetsa pa ndondomeko ya misonkhano yawo, monga amachitira ndi mijigo ndi milatho. Magulu a banki m'khonde angakambirane za mmene angathandizire membala amene watumizidwa ku Blantyre. Abambo akhoza kuperekeza akazi awo, kusamalira pakhomo pamene iwo ali kuchipatala, ndi kulemekeza masabata amene achipatala anena kuti banja lidikire mayi akawotchedwa kapena kuchitidwa opaleshoni. Makolo awonetsetse kuti ana awo aakazi alandira katemera akafika kusukulu kapena kuchipatala.

Mmera mpoyamba. Opaleshoni yochotsa anabere ochepa ikuonetsa kuti mayi angathe kuchira ku khansa n'kubwerera kumunda kwake ndi miyendo yake yonse ili bwino, koma mwayi umenewu umafikira yekhayo amene anayezetsa asanayambe kumva kupweteka, ndipo atatumizidwa kuchipatala chachikulu anapita pa tsiku limene anauzidwa.